Musanapentetse njinga yamoto, matani nambala ya chasisi

COF ya njinga yanga, chikalata chotsimikiza kuti yayezedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, yatuluka tsopano, mtima wakhala pansi, ndiye ndifotokoze mmene zinayendera kuti amene mukufuna kugula njinga zikuluzikuluzi musadzavutike ngati ine. Yanga ndi Honda Shadow 750, ya masilinda awiri, yoyendera shafti osati tcheni. Ndinagula kwa bambo wina wa ku Area 47 ku Lilongwe amene anabwera nayo kuchokera ku Joni, msonkho wa MRA atalipira kale. Chikalata cha msonkhocho muzichiona ndi maso anu musanapereke ndalama.

Za kusintha umwini sinditaya nazo nthawi. Nonse awiri, wogula ndi wogulitsa, mukhale ndi khadi la Traffic Register, ndipo ku Road Traffic mupitire limodzi. Musalole zoti "achimwene, tidzapita mwezi wamawa". Madobadoba asiyeni, imani nokha pamzere. Laisensi nayo muione: A1 imathera pa 125cc, njinga ngati iyi imafuna khodi A.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi penti. Njingayi inabwera yakuda koma felemu itayamba dzimbiri cha kukhosi, thanki itakalikakalika. Ndinaipereka kwa wopenta wina cha ku Biwi. Ndinamusonyeza ndi chala pamene pali nambala ya chasisi, pakhosi pa felemu, kumanja, pansi pa mahandulo. Ndinati, "Achimwene, apa pokha musapakhudze, mumatepo tepi." Iye anati, "Bwana osadandaula, ntchito imeneyi ndi yathu." Pokaitenga inali kuwala bwino, thanki ngati galasi, ndinalipira ndalama yonse mokondwa.

Tsiku lokayezetsa ndinadzuka m'bandakucha, ndinapempha kuntchito, ndinakhala pamzere mpaka dzuwa kufika paliwombo. Woyeza anawerama pakhosi paja ndi tochi, anapukuta ndi chala, n'kudzuka. "Bambo, nambala sikuwerengeka." Ndinawerama nanenso. Wopenta uja anapala malo onse ndi sandipepala, anapakapo pulayimala yokhuthala, kenako penti wakuda pamwamba. Manambala ena ankangooneka ngati timizere. Woyezayo sindimudandaula ngakhale pang'ono, njinga zikubedwa kwambiri mumzinda muno, ndipo nambala yofufutika ndi chizindikiro choyamba cha njinga yakuba. Koma tsiku lathunthu linapita pachabe, ndipo anthu pamzere ankandiyang'ana ngati ndaba.

Nditabwerera ku Biwi, mukudziwa chimene anandiuza? Ati ndiwonjezere ndalama ya thina yochotsera pentiyo. Ndiwonjezere ine! Anafunanso kutenga chitsulo kuti akolope manambalawo aoneke bwino. Apo ndinakuwa. Musalole munthu kugogoda kapena kukolopa nambala ya chasisi, mukatero nkhani yake imathera kupolisi. Tinachotsa pentiyo pang'onopang'ono ndi kansalu konyowetsa ndi thina, ine nditaima pomwepo, mpaka manambala onse anatuluka. Mwayi wake sandipepalayo sanadye chitsulo kwambiri. Matani tepi nokha, ndi manja anu, mujambulenso nambalayo pafoni njinga isanalowe m'garaja ya wina aliyense. Ya injini chimodzimodzi. Ndipo mtundu wa penti ukhale womwe walembedwa pamapepala. Mukafuna kusintha, kafunseni kaye ku Road Traffic.

Ndaiwala kunena za inshuwalansi. Dulani tsiku lomwe mwagula, ngakhale ya third party, musanaikwere n'komwe.

Zosintha zina zinayenda bwino. Wowotcherera wina anandipangira zitsulo zotchinga injini mbali zonse ziwiri, za paipi yokhuthala. Izi ndiye zoyamba kuika, chifukwa njingayi imalemera kupitirira makilogalamu 200, ikagwa pamchenga imaswa zambiri ndipo kuidzutsa wekha ndi ntchito. Chishalo anandikutira ndi wosoka mipando ya galimoto, anawonjezera siponji cha kumsana. Zikwama za m'mbali musangozikoleka, muziikire tizitsulo toziletsa kukhudza tayala ndi ekizozi, apo ayi chikopa chipsa. Magetsi owonjezera ndinaika a LED, odutsira pa relay ndi fyuzi yakeyake, poti ukangolumikiza pawaya wa nyali yaikulu umatentha mawaya.

Anyamata ambiri amandiuza kuti ndiitsitse kumbuyo ndi kuboola ekizozi kuti izilira mwamphamvu. Zonsezi ndakana. Njingazi n'zotsika kale, pa mahampu a m'makwalala athu pansi pamagunda ukapanda kudutsa mopendeka, ndiye uitsitsenso? Za ekizozi, yanga ndi ya kabuleta. Ukatsegula mapaipi osasintha majeti (tizibowo todutsa mafuta m'kabuleta), injini imalandira mpweya wambiri mafuta ochepa, imatentha, imaphulikaphulika ukasiya moto. Komanso ndimakhala pakati pa anthu, sindifuna kudzutsa ana a eni ndikamanyamuka m'mawa. Kulira kwake kwachibadwa n'kokoma kale.

Kabuleta yandikumbutsa petulo. Wathu kuno amasakaniza ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyontho. Njinga ikangokhala osayenda, mafuta amaundana m'kabuleta n'kutseka tinjira. Muziiliza kawirikawiri, ndipo mukaisiya nthawi yaitali tsitsani mafuta a m'kabuletamo. Thanki yake imalowa malita pafupifupi 14 basi, choncho nthawi yosowa mafuta musanyamuke ulendo musanadziwe kokathira kutsogolo.

Loweruka ndinaitulutsa koyamba ndi mapepala onse m'thumba. Ndinadutsa pa interchange ya Area 18, kukwera M1 mpaka Kanengo, n'kukhotera msewu wa Salima. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake anthu amazikonda njingazi. Miyendo ili kutsogolo, msana uli phee, giya yomaliza injini ikungoguguda pansipansi osakakamizika. Kutsika mapiri a ku Mvera mphepo imasintha, umamva kutentha kwa kunyanja kukulowa m'jekete pang'onopang'ono. Pamakona musapendeke kwambiri, zopondera zimakhula phula msanga. Pa Chezi chepetsani liwiro, pamakhala anthu, mbuzi ndi akabaza odutsa mwadzidzidzi, ndipo buleki yakumbuyo ndi ya dilamu, siigwira ngati yakutsogolo. Ku Senga Bay ndinadya chambo, anyamata akabaza atazungulira njinga kufunsa ngati ili ndi giya yobwerera m'mbuyo. Ilibe, n'chifukwa chake poimika muziyang'anitsa mutu kumtunda.

Pobwerera nyamukani dzuwa likadalipo, msewu umenewu usiku uli ndi ngolo ndi njinga zakapalasa zopanda magetsi. Chatsala kwa ine ndi galasi lotchinga mphepo, ndaitanitsa kwa mnzanga amene akubwera kuchokera ku Joni mwezi wamawa. Mafenda, zotchinga matope pamwamba pa matayala, nawo akufunika penti, koma ulendo uno ndiwamasula ndekha n'kupititsa mafenda okhawo, njinga itsala kunyumba.