Momwe tinamangira chipinda cha X-ray ndi miyala ya granite

Ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo ntchito yomwe ndikufotokoza ndi ya chipinda chojambuliramo odwala pa kachipatala kena koyima pakokha. Mwini wake atamva mtengo wa malata a mtovu okutira makoma onse anayi anagwira pakamwa, poti mtovu wotere timachita kuitanitsa kunja. Ndiye anandifunsa kuti, “Amisiri, kodi miyala yathu yomweyi singatchinge cheza cha makinawa?”

Ndinawauza kuti tisanakumbe maziko tiyambe tapeza katswiri wa za cheza, amene m'zipatala amamutcha medical physicist. Mayi amene anabwerawo sanafunse za miyala poyamba. Anafuna pulani ya nyumba yonse, nkumaloza khoma lililonse: kuseri kunoku kumakhala ndani, ndipo amakhalako maola angati? Makina aziloza mbali iti? Pa sabata mudzajambula odwala angati? Khoma logundana ndi ofesi ya mlembi, yemwe amakhala pampando tsiku lonse, liyenera kukhuthala kuposa loyang'ana kumpanda kumene anthu amangodutsa. Malire ovomerezeka padziko lonse ndi akuti munthu wamba asalandire cheza chopitirira 1 millisievert (muyezo wa cheza chomwe thupi lalandira) pachaka kuchokera ku ntchito zotere, pamene wogwira ntchito ndi makinawo malire ake ndi 20.

Anatifotokozera kuti chimene chimaletsa cheza ndi kulemera kwa chinthu ndi kukhuthala kwake. Granite wodzaza kiyubiki mita imodzi amalemera matani pafupifupi 2.7, konkire wamba 2.35, pamene mtovu umapitirira matani 11. Pa makina a X-ray a mphamvu ya magetsi ya 100 kV (mavoti 100,000), mtovu wokhuthala mamilimita 0.27 okha umachepetsa cheza ndi theka. Konkire kuti achite zomwezo amafunika masentimita pafupifupi 1.6. Mukawonjezera mlingo womwewo, chotsalacho chimachepanso ndi theka. Choncho mwala umatchinga ndithu, bola muupatse malo. Ataphatikiza zonse anatilembera khoma la masentimita 20.

Panali njira ziwiri. Mwini chipatala ankakonda miyala yosalala ija amapangira ziliza ndi matebulo a kukhitchini, chifukwa imakongola. Ine ndinakana, ndipo katswiriyo anandivomereza. Miyala yocheka imeneyi imakhala yopyapyala, masentimita awiri kapena atatu, ndipo pomwe mwala wakumana ndi unzake pamatsala mzere. Cheza chimadutsa pa mzere umenewo ngati madzi pa ndowa yobooka. Tinasankha kwale wa granite wothira mu konkire.

Pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: granite naye amatulutsa cheza chake pang'ono, chifukwa mumakhala uranium, thorium ndi potassium-40, ndipo uranium ija imabala mpweya wa radon, womwenso umatulutsa cheza. Kuchuluka kwake kumasiyana phiri ndi phiri. Nchifukwa chake tinapita ndi mayi aja kumene amaswa miyala, iwo nkuyeza mulu wa kwale ndi kachipangizo kawo tisanalipire. Unapezeka wabwino, komabe anatilamula kuika potulukira mpweya pamwamba pa chipindacho kuti radon asamaunjikane.

Tsiku lothira konkire ndi limene ndinasamala kwambiri. Mabuloko a mphako sindinawalole kufika pamalopo nkomwe. Khoma lililonse tinalithira kamodzinkamodzi osadukiza, makina ogwedeza konkire ali mkati kuti musatsale timphako ta mpweya. Khoma lingaoneke losalala kunja pamene mkati muli zibowo, ndipo amene adzavulale nazo ndi namwino wokhala kuseri kwake zaka ndi zaka osadziwa kanthu. Tinatapako konkire pang'ono, nkuumba timabokosi tomwe tinakayeza kulemera titauma. Chotchinga chimayenera kufika mamita 2.1 kuchokera pansi. Ife tinangokweza mpaka pa ring beam. Mapaipi a magetsi tinawapinda kuti asaboole khoma molunjika, ndipo masoketi tinawakhoma pamwamba pa pulasitala m'malo mowakumbira mkati.

Mtovu sitinauthawe kotheratu. Chitseko cha mwala palibe angachitsegule, choncho chinabwera chokutidwa ndi mtovu, felemu yake yomwe, ndipo tinaonetsetsa kuti chikupitirira m'mbali mwa khomo. Zenera lomwe wojambula amaonerapo wodwala ndi la galasi la mtovu.

Makina atamangidwa, katswiri uja anawayatsa nkuzungulira kunja konse ndi choyezera: m'makona, pansi pa chitseko, pomwe paipi yalowa, mpaka mu ofesi ya mlembi muja. Lipoti lake ndilo linapita ku Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la Atomic Energy Act la 2011 ndipo limapereka chilolezo chogwiritsa ntchito makina otere m'Malawi muno. Wodwala woyamba anajambulidwa chilolezo chitatuluka.

Amisiri anzanga, masentimita 20 amenewa ndi a chipinda chimenechi chokha. Makina owotchera khansa ndi nkhani ina: cheza cha cobalt-60, chitsulo chotulutsa cheza chomwe chimakhala m'makina ena otere, chimafuna konkire wa masentimita 6 kuti chichepe ndi theka lokha, ndipo makoma a zipinda zotere amafika mita imodzi mpaka awiri.