Apilo yodandaula kuti loya sanaimire bwino mlandu

M'maphunziro athu a zamalamulo kuno ku Lilongwe takhala tikusanthula nkhani ya munthu amene khothi lamupeza wolakwa, iye n'kuchita apilo ponena kuti loya wake sanamuimire bwino. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 limapatsa wozengedwa mlandu ufulu woimiridwa ndi loya, ngakhale wolipidwa ndi boma pamene chilungamo chikufunika kutero, komanso ufulu wokasuma kukhothi lapamwamba. Funso ndi lakuti, kodi loya amene anangofika m'khothi osafufuza kanthu wakwaniritsa ufuluwo?

Tinawerenga mlandu wa Strickland ndi Washington, umene khothi lalikulu la ku America linagamula mu 1984. Chigamulochi sichimanga makhothi athu, koma gawo 11 limawalola kuona zimene makhothi akunja anagamula pankhani zofanana. David Washington, amene anavomera kupha anthu atatu ku Florida, anadandaula kuti loya wake sanafunefune mboni zofotokoza khalidwe lake kuti chilango chichepe. Khothi linati wodandaula ayenera kusonyeza kuti ntchito ya loyayo inali yoperewera kwambiri, ndiponso kuti pakanapanda kuperewerako chigamulo chikanatha kukhala china. Washington analephera pa zonse ziwiri, ndipo anaphedwa chaka chomwecho potsatira chilango cha imfa chimene anapatsidwa.

Mfundo yachiwiriyi ndiyo yandivutitsa maganizo kwambiri, chifukwa khothi la apilo kawirikawiri limaweruza potengera zolembedwa za khothi loyamba, pamene zimene loya sanachite sizilembedwa paliponse. Tiyerekeze mkaidi wa ku Maula amene anauza loya wake kuti usiku wa mlanduwo anali pa maliro ku Mitundu, ndipo anamutchulira amfumu ndi adzukulu amene anachezera nawo pamoto. Ngati loyayo sanawaitane, mufayilo mulibe ngakhale dzina lawo. Mkaidiyo ayenera kupeza munthu wokatenga umboni wolumbirira kumudziko, kenako n'kupempha khothi kuti liulandire ngati umboni watsopano, ndipo ntchito yotereyi sangaigwire yekha ali m'ndende.

Ndikuona kuti muyezo umenewu umalemera kwambiri kwa munthu wosauka, amene chiyembekezo chake ndi loya wa Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira osauka pa milandu, wosenza kale milandu yambirimbiri. Ambiri ozengedwa m'makhothi a majisitireti sakhala ndi loya n'komwe, choncho alibe ngakhale poyambira dandaulo lotere.