Lipoti la ulendo wa ku Indiana: momwe tauni imakonzekerera kadamsana wa dzuwa

Gulu lathu la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia okhala m'dera la South Bend, kumpoto kwa Indiana ku America, linatuma ena mwa ife kupita kum'mwera kwa Indianapolis pa kadamsana wa dzuwa wa Lolemba pa 8 Epulo 2024. Paulendowu panali aphunzitsi, anamwino ndi makolo angapo pamodzi ndi ana awo. Tinapita kukaphunzira momwe tauni yaing'ono imakonzekerera tsiku lotere kuti pasapezeke wovulala maso kapena wovutika pamsewu, ndipo tinanyamuka Loweruka kuti tikawapeze eni ake adakali pa kalikiliki.

Ena anafunsa kuti, bwanji osangokhala ku South Bend, poti kumenekonso mwezi unkaphimba pafupifupi 97 peresenti ya dzuwa? Chitetezo chonse chagona pa funso limeneli. Dzuwa limawala kuposa mwezi wathunthu maulendo pafupifupi 400,000, motero ngakhale litatsala gawo limodzi lokha pa magawo 100, kuwalako kumakwanabe kuvulaza diso. Mthunzi weniweni wa mwezi unali wa makilomita pafupifupi 185 m'lifupi. Unalowera ku Mexico n'kudutsa Texas, Indiana ndi Ohio mpaka ku Canada. Munthu amene ali m'kati mwa mzere wa mthunziwo amakhala ndi kanthawi kovula magalasi apadera oteteza maso, koma amene ali kunja, ngakhale ndi kilomita imodzi yokha, savula mpang'ono pomwe. Pamsewu wa US 31 umene tinadzera, malire ake anadutsa cha ku Kokomo, ndipo pamalire penipeni mdima umangotenga masekondi ochepa. Ndiye ntchito yoyamba ya komiti iliyonse yokonzekera kadamsana ndi kudziwa bwino kuti mudzi wawo uli mbali iti ya mzere, chifukwa uthenga wa mbali ziwirizi ndi wosiyana.

Amene anatilandira anali amayi ogwira ntchito ku laibulale, aphunzitsi a sayansi a pa sukulu ina ndi abambo odzipereka a gulu lozimitsa moto. Malaibulale ndi amene anasenza gawo lalikulu la ntchito yogawa magalasi m'dziko lonselo: kudzera ku bungwe la Space Science Institute, magalasi okwana 5 miliyoni anatumizidwa ku malaibulale pafupifupi 10,000. Kumene tinali, sankangomupatsa munthu magalasi n'kumutsanzika. Ankayamba amuonetsa kavalidwe kake: tembenukira kumbali, vala, kenako yang'ana kumwamba, ukatha, yang'ana pansi, kenako vula. Banja silinkafunika magalasi a munthu aliyense, popeza palibe amene amayang'ana dzuwa ola lathunthu. Awiri kapena atatu amatha kubwerekana amodzi.

Magalasi oyenera amalembedwa nambala ya muyezo wa ISO 12312-2. Koma nambala yokhayo musaidalire, chifukwa opanga achinyengo nawonso amaisindikiza. Bungwe la American Astronomical Society linachenjeza za magalasi abodza kadamsanayu asanachitike, ndipo lili ndi mndandanda wa opanga ndi ogulitsa odalirika. Anzathu aja ankagula kwa okhawo, n'kuyesabe katoni iliyonse. Ukavala magalasiwo m'nyumba, usaone mipando, zithunzi kapena nkhope ya mnzako, kupatula babu lowala kwambiri, lomwe limangooneka mwa chizimezime. Ukatuluka panja kuli dzuwa, usaone mitengo kapena nyumba. Ukayang'ana dzuwa kwa kamphindi, lizioneka lozungulira bwino, losathobwa m'maso, kwina konse kuli bii. Magalasi ong'ambika, okandika, obooka ngakhale kabowo ka singano, kapena amene pepala lake lakuda layamba kumatuka ku katoni, ankawadula ndi sizasi asanawataye kuti mwana asawatole.

Tinakhalitsa pa nkhani ya zinthu zimene anthu amagwiritsa ntchito akasowa magalasi, chifukwa ambiri a ife tinazionapo kwathu: magalasi a dzuwa wamba ngakhale atasanjikizidwa, galasi lodetsedwa ndi utsi wa kandulo, filimu ya X-ray, CD, botolo lakuda, kapena kuyang'ana chithunzi cha dzuwa m'beseni la madzi. Zonsezi n'zoopsa, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti zimapusitsa diso. Munthu ukayang'ana dzuwa opanda kanthu, maso amathobwa ndipo umaphethira n'kutembenuka wekha. Chinthu chakuda pang'ono chimachotsa kuthobwako, kamwana ka diso kamatseguka, munthu n'kumayang'anitsitsa, pomwe kuwala kochuluka, kuphatikizapo kuja kosaoneka ndi maso, kukulowabe. Galasi la owotcherera zitsulo limathandiza pokhapokha likakhala la nambala 12, 13 kapena 14. Ambiri amene amapezeka m'magalaja ndi a nambala yotsika, choncho osabwereka chipewa cha mmisiri musanawerenge nambala yake.

Anamwino a m'gulu lathu anatsindika mfundo imene iyenera kunenedwa pa msonkhano uliwonse. Gawo la kumbuyo kwa diso lotchedwa retina silimva kupweteka. Munthu amavulala osadziwa, ndipo zizindikiro zimabwera patapita maola angapo kapena m'mawa mwake: kuona mbuu, kadontho kakuda pakati penipeni pa chimene ukuyang'ana, mizere yowongoka kuoneka yokhota, mitundu kusintha. Ena amachira pang'onopang'ono pa miyezi ingapo, ena kadonthoko kamakhalirira. Choncho chipatala chikonzekerenso masiku otsatira, ndipo makolo auzidwiretu kuti mwana akadandaula kuti zilembo za m'buku sizikuoneka bwino, apite naye kwa dokotala wa maso osazengereza.

Chimene chinatisangalatsa kwambiri ndi njira zoonera popanda kuyang'ana dzuwa, chifukwa zimatheka kulikonse ndipo sizilira ndalama. Aphunzitsi aja anatipangitsa bokosi. Mumatenga katoni yaitali, mbali imodzi n'kudula kawindo kakang'ono, kumatapo kapepala ka aluminiyamu n'kukaboola kamodzi ndi singano. M'kati, mbali yoyang'anizana ndi kabowoko, mumamata pepala loyera, ndipo m'mbali mumadula posuzumirira. Mumaima mutafulatira dzuwa, kuwala n'kumalowa pa kabowo kaja, ndipo chithunzi cha dzuwa chimagwera pa pepala. Kukula kwa chithunzicho kumadalira kutalika kwa bokosi: mita imodzi imapereka chithunzi cha mamilimita 9. Anthu ambiri akaona kuti n'chaching'ono amakulitsa bowo, koma zikatero chimangowala n'kusokonekera, osakula. Cholakwika china chofala n'chakuti ana amaganiza kuti kabowoko ndi kosuzumirapo dzuwa. Muyenera kuwauza mobwerezabwereza kuti dzuwa likhale kumsana.

Pa gulu lalikulu, kalilole wamng'ono amagwira ntchito bwino. Mumamuphimba ndi pepala n'kusiya kabowo kosapitirira sentimita imodzi, kenako n'kulozetsa kuwalako pa khoma loyera la pamthunzi. Pa mtunda wa mamita 10 chithunzi chimafika masentimita 9, ndipo kalasi yonse imaona pamodzi. Kaliloleyo agwire munthu wamkulu, ndipo pasadutse munthu pakati pa kalilole ndi khoma. Sefa ya kukhitchini yamabowo ozungulira, chipewa cha mlaza ndi mthunzi wa mtengo wamasamba, zonsezi zimaonetsa pansi timiyezi tambirimbiri dzuwa likamadyeka.

Amene ali ndi kamera, telesikopu kapena makina oonera patali amafuna chenjezo lawolawo. Fyuluta ya dzuwa, yomwe ndi chophimba chapadera chochepetsa kuwala, imaikidwa kutsogolo kwenikweni, kumene kuwala kumalowera, ndipo imangidwe ndi tepi kuti mphepo kapena dzanja la mwana lisaigwetse. Kuvala magalasi a kadamsana n'kusuzumira m'makina opanda fyuluta ndi ngozi yaikulu kuposa zonse, pakuti makinawo amasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi n'kuboola pepala la magalasiwo nthawi yomweyo. Pa telesikopu iliyonse panaikidwa munthu wosachokapo.

Lamlungu masana panali kuyeserera pa bwalo la mpira, ndipo ife tikuona kuti apa ndi pamene panagona nzeru yaikulu. Mdima weniweni sutenga nthawi ndipo suvulaza maso. Choopsa ndi ola ndi mphindi pafupifupi 15 mdima usanafike, ndi nthawi ngati yomweyo utatha. Ku Indianapolis mwezi unayamba kudya dzuwa cha m'ma 1:50 masana, mdima unagwa 3:06 n'kutha pasanakwane mphindi 4, ndipo dzuwa linabwerera lonse cha m'ma 4:23. Choncho anasankha munthu mmodzi wokhala ndi wotchi yolondola, chimkuzamawu ndi wezulo. Kuliza kamodzi motalika kunkatanthauza kuti vulani, ndipo ankaliza pokhapokha kadontho kowala komaliza katazimiratu, ovala magalasi osaonanso chilichonse. Kuliza katatu mofupikitsa kunkatanthauza kuti yang'anani pansi, valani, ndipo ankaliza kutatsala masekondi 15 kuti dzuwa litulukire, osadikira kuti liwale kaye. Ana anagawidwa m'timagulu ta asanu, kalikonse ndi munthu wamkulu amene ntchito yake inali kuyang'ana nkhope za anawo, osati kumwamba. Kwa ana ang'onoang'ono amene magalasi amawakhwepa, anawamatira pa mbale ya pepala yoboola pakati kuti kuwala kusalowere m'mbali.

Nkhani ya khamu la anthu inali m'manja mwa ozimitsa moto ndi apolisi. Phunziro analitenga pa kadamsana wa pa 21 Ogasiti 2017: alendo amafika pang'onopang'ono kwa masiku angapo, koma amanyamuka onse nthawi imodzi mdima ukangotha, misewu n'kutsekeka kwa maola ambiri. N'chifukwa chake uthenga wa boma unali wakuti fikani msanga, khalani pamalo amodzi, nyamukani mochedwa. Bwanamkubwa wa Indiana wa nthawiyo, Eric Holcomb, anasainiratu lamulo lapadera lothandiza kuti thandizo liitanitsidwe mwachangu, ndipo sukulu zambiri zinatseka tsikulo chifukwa mdima unkagwa nthawi yoweruka, ana ali m'mabasi. M'tauni imene tinali, ambulansi sizinaunjikane pamalo amodzi koma anazimwaza mbali zosiyanasiyana, msewu umodzi n'kuusiya wa zadzidzidzi zokha. Panali zimbudzi zonyamulika, madzi akumwa ndi tenti ya chithandizo choyamba. Okonza zinthu ankalankhulana pa mawailesi a m'manja poopa kuti netiweki ya mafoni ingadzaze. Eni tauni anauzidwa kuti agulire chakudya, mankhwala ndi mafuta a galimoto sabata isanathe, ndipo oyendetsa galimoto anachenjezedwa kuti asaime m'mbali mwa msewu waukulu, ayatse nyali, ndipo asayendetse atavala magalasi a kadamsana.

Tsikulo kumwamba kunali timitambo topyapyala tokha. Kutatsala mphindi 10 kunayamba kuzizira, kuwala kunasanduka kotuwa, mithunzi n'kukhala yakuthwa modabwitsa. Wezulo atalira, tinaona mwezi wakuda bii utazunguliridwa ndi kuwala koyera kwa korona (gawo lakunja kwenikweni la dzuwa), kunsi kwake kuli kalawi kofiirira, ndipo mapulaneti a Venus ndi Jupiter anaoneka mbali ziwiri za dzuwa. Anthu anakuwa kwambiri moti amene anali kumapeto kwa bwalo wezulo wachiwiri sanamumve bwino. Anathandiza ndi akuluakulu a timagulu aja, amene ankabwereza mawuwo pakamwa. Pa bwalo lalikulu pafunika oliza awiri kapena atatu. Magetsi a pamsewu odziyatsa okha anayakanso mdima utagwa n'kusokoneza amene anaima pafupi nawo, choncho posankha malo muziyang'ananso mapolo a magetsi. Alendo sanachuluke monga ankaopera, ndipo ena ogulitsa chakudya anatsala ndi katundu. Komabe sitikuona kuti kukonzekerako kunapita pachabe, pakuti tsiku lomwelo kumpoto kwa New Hampshire ndi Vermont anthu anakhala m'magalimoto mpaka usiku kwambiri.

Pa zokambirana zathu zamadzulo tinakhudzanso mantha amene anthu amakhala nawo, monga akuti mayi woyembekezera asatuluke panja kapena kuti chakudya chophikidwa nthawi ya kadamsana chimadwalitsa. Kadamsana sabweretsa kuwala kwatsopano kulikonse. Ndi dzuwa la masiku onse lomweli, mwezi wangodutsa kutsogolo kwake. Mfundo imeneyi imamveka bwino ikachokera kwa mfumu, abusa, shehe, azamba ndi wailesi ya m'dera, ndipo anthu amenewa ndi amene ayenera kuyamba kuphunzitsidwa. Kungoopseza anthu kuti adzitsekere m'nyumba sikuthandiza, chifukwa ana amasuzumirabe pa zenera popanda wowayang'anira.

Anzathu a ku Zambia akukumbukira mdima umene unagwa mu Lusaka pa 21 Juni 2001. Kadamsana wina wathunthu adzadutsa kum'mwera kwa Africa Lolemba pa 25 Novembala 2030, kuyambira ku Namibia, kudzera ku Botswana, South Africa ndi Lesotho, ndipo Windhoek ndi Durban zili m'kati mwa mzere. Adzachitika m'mawa, nthawi imene ana amakhala ali panjira kapena angofika kusukulu, choncho aphunzitsi ndiwo adzasenze udindo waukulu. Abale athu okhala ku Durban adzafunika dongosolo la wezulo lija. Ku Malawi ndi ku Zambia dzuwa lidzangodyeka mbali, ndiye uthenga wa kumeneko udzakhala umodzi: osavula magalasi nthawi ina iliyonse.

Tinagwirizana kuti aphunzitsi a m'gulu lathu alembe m'Chichewa kapangidwe ka bokosi ndi ka kalilole, ndipo anamwino alembe zizindikiro za kuvulala kwa maso. Magalasi amene tinabwera nawo tawasonkhanitsa. Okwaniritsa muyezo wa ISO 12312-2 amagwirabe ntchito kwa zaka ngati sanakandike kapena kubooka, choncho tawaika lililonse mu envulopu yakeyake, m'bokosi lolimba, pamalo ouma, ndipo adzayesedwanso limodzilimodzi asanatumizidwe kwathu.