Mawu akuti vivacious ndinawamvetsa pa chinkhoswe ku Ndirande

Sabata yatha aphunzitsi athu a Chingerezi anatipatsa chimangirizo choti tifotokoze malo amene timawadziwa bwino. Ine ndinasankha msika wa Limbe, poti ndimadutsamo tsiku ndi tsiku pochokera ku Bangwe. Ndinali nditangotola mawu atsopano m'dikishonale, akuti vivacious, ndipo tanthauzo lake linali la chinthu chodzaza ndi moyo komanso mphamvu. Mumtima ndinati msika wa Limbe ndi umenewu basi. Ndinalemba kuti "Limbe market is vivacious." Kope litabwera, mawuwo anali atadulidwa mzere wofiira kunsi, pambali atalembapo vibrant.

Zinandiwawa, chifukwa ndikubwereza Fomu 4 ndipo Chingerezi chomwechi ndi chimene chinandimanitsa satifiketi ya MSCE chaka chatha. Ukalephera phunziro limeneli, ngakhale ena onse ukhoze bwanji, satifiketi palibe. Choncho ndinawatsatira aphunzitsi kukafunsa chimene ndalakwitsa. Iwo anandiyankha ndi funso: "Iwe, mbuzi ya kwanu ikafa umati yamwalira?" Ndinati ayi, amamwalira ndi munthu. "Eya, vivacious nayenso ali ndi eni ake."

Eni akewo ndi anthu, makamaka amayi ndi atsikana. Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku vivere, kutanthauza kukhala ndi moyo, ndipo muzu womwewu uli mu survive, revive ndi vivid. Pamene vibrant anachokera ku vibrare, kunjenjemera, monga imachitira foni ukaizimitsa kulira. N'chifukwa chake amayenera msika: masipika akusokosera, makondakitala akulimbirana okwera, zitenje za mitundu yowala zili ndandanda. Katchulidwe nakonso ndinkaphonya. Mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri, vi-VEI-shas, pomwe ine ndinkayamba ngati ndikufuula kuti viva pa msonkhano.

Komabe zonsezi zinali za m'mutu chabe mpaka Loweruka, pamene tinapita ku chinkhoswe cha msuweni wanga ku Ndirande. Mwambo unayamba mozizira, anthu angokhala duu pa mipando, ena maso ali pa foni. Kenako anatulukira azakhali anga, mlongo wa bambo, chitenje atamangira m'chiuno, nthungululu ili pakamwa asanalowe n'komwe pa geti. Anapereka moni mzere wonse, aliyense akumutchula dzina ndi kumusiyira kanthabwala kake. Nthawi ya perekaniperekani itakwana anayamba ndi iwo, akuvina uku akuwaza ma K200 m'lichero, n'kukoka dzanja apongozi amene anakhala mwamanyazi pakona mpaka nawonso anaimirira akuseka. Si kuti ndi aphokoso ayi. Amangokhala ngati abweretsa moto pamalo pamene panali phulusa, ndipo aliyense amafuna kuwotha nawo. Ndinadzipeza ndikunong'ona ndekha kuti vivacious.

M'Chichewa mawu oyandikira kwambiri ndi akuti wansangala, mwina kuphatikizapo wochangamuka. Chimene sichinandikomere ndi choti Chingerezi chinawasiyira kwambiri akazi mawu amenewa. Kwathu kuno bambo angakhale wansangala popanda wina kudabwa, koma ukalemba "a vivacious man" galamala yake ndi yolondola, kungoti sizimveka kawirikawiri. Kwa amalume anga, amene amaimba nyimbo mpira wonse wathunthu Bullets ikamasewera pa Kamuzu Stadium, ndi bwino kunena lively kapena energetic. Agogo anga, amene apitirira zaka 80 koma amakwerabe chitunda cha ku tchalitchi popanda ndodo, awo ndi sprightly, mawu osungidwira achikulire amene mphamvu sizinawathere.

Kuyambira Lolemba ndasintha kalembedwe m'kope langa la mawu atsopano. Kale ndinkalemba mawu ndi tanthauzo lake basi. Tsopano pambali pa mawu aliwonse ndikulembapo munthu kapena malo amene ndimawadziwa. Pa vibrant pali msika wa Limbe, pa sprightly pali agogo, pa vivacious pali azakhali. Chimangirizo chotsatira aphunzitsi ati tifotokoze munthu amene timamusirira, ndipo ndime yoyamba ndailemba kale, ikuyambira pa geti paja.