Lachitatu: kalata ya chidindo

Lero sindinapite ku msika wa Kapata kuno ku Chipata. Ndikutseka chitseko m'mawa, anafika mwana wa akulu anga, maso ali psuu. Ali chaka chachiwiri pa yunivesite ina kuno kummawa. Tiyi amene ndinamuthirira anazizira osamwedwa. Anangondipatsa foni n'kunena kuti, "Amayi, werengani nokha."

Anali mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa lekichala wake, ena otumizidwa 11 koloko usiku. Amamuitana ku ofesi yekhayekha, ati akakambirane za malikisi. Mtsikana atakana kawiri, malikisi a mayeso apakati anagwa mwadzidzidzi.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mauthenga oyambirira anawafufuta kale. Amaopa kuti anzake akawaona anena kuti ndiye anayamba. Taonani, wolakwa akugona tulo tabwino, manyazi akusenza mwana. Otsalawo tinawajambula limodzilimodzi n'kuwatumiza ku imelo yanga. Kenako tinatenga kope la sukulu, iye akukumbukira, ine ndikulemba tsiku, nthawi, malo, ndi amene anali pafupi.

Masana tinakwera njinga zamoto kupita kumeneko. Ofesi ya mkulu wa dipatimenti tinaidutsa dala, chifukwa iyeyo ndi lekichala uja amadyera limodzi nkhomaliro. Tinalunjika ku ofesi yoona za ophunzira. Asekilitale analandira kalata yathu mwaulemu ndithu, n'kuti tibwere sabata yamawa. Ine ndinakhala phee pa benchi mpaka atadinda chidindo cha tsiku la lero pa fotokope yathu. Kalata yopanda chidindo imasowa mosavuta, ndagwirapo ntchito m'maofesi ine.

Pobwerera ndinamuuza kuti nkhaniyi sikuti iweruzidwe ndi malamulo a pasukulu okha. Lamulo la kuno ku Zambia la Gender Equity and Equality la 2015 limaletsa kuvutitsa munthu pofuna kugona naye, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala yaulere ya 933, yoimbirako ochitiridwa nkhanza, ndinaisunga ndekha m'foni mwake. Za kupolisi wati tidikire kaye. Mantha ake ali pa mayeso omaliza, poti wochonga mapepala ndi bambo yemweyo. Sindinamukakamize, koma m'kalata ya sabata yamawa tipempha kuti pepala lake lichongedwe ndi wina.

Madzulo wadya nsima ya chibwabwa chotendera, mitanda iwiri. Tili pa mphasa foni yalira. Wayang'ana dzina, wayang'ana ine, kenako wajambula uthengawo n'kundipempha kope lija.