Nyumba ya pa okushoni

Chilengezo chake chinali chaching'ono, pakona penipeni pa tsamba la nyuzipepala: nyumba ya zipinda zogona zitatu, yolandidwa ndi banki mwini wake atalephera kubweza ngongole yomwe anaikira nyumbayo chikole. Mtengo woyambira ndinauwerenga kawiri, ndimvekere mwina asiya nambala ina.

Banki ntchito yake si kusunga nyumba. Imangofuna ndalama zake, chiwongoladzanja ndi zimene yawononga pogulitsa. Zikatsalako zimapita kwa mwini wake wakale. N'chifukwa chake mtengo umagwa, komanso n'chifukwa chake sakulonjeza kanthu. Umagula nyumba mmene ilili. Denga likamadontha ndi lako, chiswe ndi chakonso.

Ndinayambira pa mapepala. Loya wanga anapita ku ofesi ya kaundula wa malo kukaona dzina lolembedwa pa chikalata cha umwini ndi zonse zomata pamenepo. Nyumba imene ndinaiona m'nyuzipepala ija inathera pomwepo: achibale a mwini wake anali atakatenga chiletso kukhoti. Mtima unawawa, koma mlandu wa eni sindinafune kuugula. Panali ina pamndandanda womwewo, yosakongola kwenikweni. Mapepala ake anali bwino, kupatula msonkho wa malo umene unaunjikana zaka zitatu. Wolipira ndani? Yankho linali m'malamulo a okushoni, m'tizilembo tating'ono ta kumapeto: wogula.

Tsiku lokaona nyumba ndinatenga mmisiri. Munthu akadziwa kuti nyumba ikumupulumuka sagulanso ngakhale msomali, ndipo zinkaonekeratu. Mpopi wakukhitchini unali womanga ndi mphira, siling'i ya chipinda china itafufuma, yathimbirira ndi madzi. Ine maso anali pamenepo, koma mmisiri uja sanazilabadire n'komwe. Anagwada pakona, n'kulowetsa kiyi mumng'alu wa pakhoma, kenako n'kuulondola ndi chala mpaka pawindo.

"Uwu ndi wa pulasitala chabe, bwana," anatero akudzisansa fumbi. "Ukanatsika motsata njerwa ngati masitepe, ndikanati tiyeni tizipita, maziko akusuntha."

Madzulo ake ndinakhala pansi ndi cholembera. Pa mtengo umene katswiri wowerengera nyumba anandipatsa ndinachotsa zokonzera, msonkho uja, za loya, zosinthira dzina, miyezi yokhala osalandira lendi, ndi kena kake ka zadzidzidzi. Nambala yotsalayo ndinailemba pakapepala n'kuika m'thumba la malaya. Kunena zoona, nyumba ija sinaonekenso yotchipa ngati poyamba.

Kapepalako kanandipulumutsa. Pa okushoni mutu umatentha. Wina akakweza dzanja umamva ngati wakunyoza, ndipo umayamba kulimbana ndi munthu m'malo mogula nyumba. Tinatsala awiri, ine ndi bambo wina wa chipewa. Anagwa ulesi kutatsala pang'ono kuti ndifike pa nambala yanga. Akanakweza kamodzi kokha, ndikanabwerera chimanjamanja.

Nyundo itangogunda, oyendetsa okushoni anafuna dipoziti ya gawo limodzi mwa magawo khumi tsiku lomwelo, zotsalazo pa tsiku loikika. Ukalephera, dipoziti yapita. Ndalama ndinali nditazikonzeratu, chifukwa kuyamba kufunsira ngongole nyundo itagunda kale n'kusewera paulimbo.

Chimene sindinachiwerengere bwino ndi anthu. M'nyumbamo munkakhala banja lochita lendi, lomwe linkalipira mwini wake wakale mwezi ndi mwezi osaphonya, ndipo za ngongoleyo linamva zinthu zitafika kale pa okushoni. Loya anandifotokozera njira yowatulutsira: kalata yowachenjeza, nthawi yodikira, akakana kukhoti. Kuwatulutsira katundu panja wekha kapena kusintha maloko, mlandu umakutembenukira. Ndinapita ndekha kukagogoda. Mayi wa m'nyumbamo anatulukira ndi envulopu yodzaza malisiti, manja akunjenjemera, kuganiza kuti ndabwera ndi galimoto yosamutsa.

Tinakhala pakhonde pafupifupi ola lathunthu. Tinagwirizana kuti akhalebe, tilembe pangano latsopano, ndipo lendi itsike pa miyezi imene amisiri azikhala akugogoda padenga. Dzina langa linalowa pa chikalata patapita miyezi isanu. Mpopi uja ndinausintha sabata yoyamba. Chipinda cha siling'i yofufuma chinadikira mpaka lendi yachitatu italowa.