Makalata a Mark Twain ndawapeza mu nyuzipepala momwe anayambira

Ambiri amene anawerengapo The Innocents Abroad, buku la Mark Twain, wolemba wa ku America, sadziwa kuti bukuli linayamba ngati makalata a mu nyuzipepala. Mu June 1867 Mark Twain anakwera sitima yapamadzi ya Quaker City ku New York kupita ku Ulaya mpaka ku Palestine, tikiti yake ya madola 1,250 inalipiridwa ndi nyuzipepala ya Daily Alta California ya ku San Francisco, pangano nkukhala loti azilemba makalata ofotokoza za ulendowo. Analemba pafupifupi 50, ena ochepa anapita ku New York Tribune.

Makalatawa alipo pa intaneti ulere, pa California Digital Newspaper Collection ya University of California, Riverside. Koma musadalire kungotaipa dzina nkudina search ayi, kompyuta imasokoneza zilembo zakalezi moti mawu ena amatuluka osamveka nkomwe, ndiye bola kutsegula tsamba lenilenilo, kulikuza, nkumatsika nalo pang'onopang'ono. Maso amawawa ndithu, tizilembo tothithikana, pambali pake pali malonda a mankhwala komanso ndandanda wa sitima zofika padoko, kalata ya Twain yangopanikizika pakati pa zimenezo ngati nkhani wamba.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi Mr. Brown. Ameneyu ndi munthu wongopeka, mnzake wapaulendo wamwano, wosabisa mawu, amene Twain ankamuyankhulitsa zinthu zomwe iye mwini sakanafuna kuti zituluke pakamwa pake. Mukamufuna m'buku simumupeza. Pokonza buku lomwe linatuluka mu 1869, Twain anamuchotsa, anafewetsa mawu a mumsewu komanso zina zomwe ananena mopanda ulemu za malo opatulika, paja bukulo limagulitsidwa khomo ndi khomo ndi American Publishing Company ya ku Hartford ndiye limayenera kulowa bwino m'nyumba za anthu opemphera. Bret Harte, wolemba mnzake, naye anathandiza kulidulira. Komatu a Alta anali atalembetsa kale makalatawo kuti ndi awo, mpaka Twain anachita kupita ku San Francisco mu 1868 kukakambirana kuti amulole kuwagwiritsa ntchito.

Bukulo ndi labwino, sindikukana. Koma m'makalatamu mumamva munthu wolemba mothamanga, watopa, anzake apaulendo amukwana, akulembera anthu a ku California omwe ankadziwa kale nthabwala zake ndipo samayembekeza kuti awanyengerere. Kwa ine ameneyu ndiye amakoma kumuwerenga, ngakhale pena amabwerezabwereza, pena nthabwala yake siimveka.

Amene simungakwanitse kulimbana ndi masamba akalewo, Daniel McKeithan anawasonkhanitsa mu 1958 m'buku la Traveling with the Innocents Abroad. Ine panopa ndayamba kusaka makalata 25 omwe Twain analembera nyuzipepala ya Sacramento Union ali ku Hawaii mu 1866, Brown alimonso mmenemo.